Njira Yachidule Yodutsa M'munda wa Mwini: Mafunso ndi Mayankho

Aliyense wolima m'tsinde mwa phiri la Malosa, kapena m'midzi yomwe yatsamira phiri la Zomba, nkhani iyi akuidziwa. Munthu amasosa, n'kugalauza, n'kubzala ndi mvula yoyamba, koma tsiku lina polawirira kumunda amapeza matayala atadula mizere yake pakati, chimanga chanthete chitagona m'matope. Wadutsayo sakudziwika, ndipo mwina mumtima mwake sakuonapo cholakwa, poti iye amangofuna kufika msanga. Mafunso ali m'munsimu ndi omwe amabuka anthu akamakambirana nkhaniyi, ena ochokera kwa alimi, ena kwa odutsawo.

Anthu akhala akudutsa m'minda ya anzawo kuyambira kalekale. Chavuta n'chiyani lero?

Kudutsa kwa kale kunali kwa miyendo. Mayi wopita kuchitsime kapena mwana wa sukulu ankatsata m'malire, akalowa m'munda ankaponda pakati pa mizere, ndipo akakumana ndi mwini wake ankapereka moni. Woyenda pansi amasankha poponda, pomwe tayala limangopita.

Zasintha ndi zinthu ziwiri. Choyamba ndi zoyendera. Njinga zamoto za kabaza zafika m'midzi yomwe kale galimoto inkaonekako mwa apo ndi apo. Pali malole okatenga mchenga kumtsinje, njerwa pa uvuni ndi miyala m'mphepete mwa phiri. Pali ngolo, palinso njinga zakapalasa zolemedwa ndi matumba a makala, zotsika m'phiri mbandakucha m'tinjira tozemba alonda a zankhalango. Chachiwiri ndi kuchepa kwa malo. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 746,724 m'boma la Zomba, kuwonjezera pa 105,013 a mumzinda wa Zomba, ndipo mabanja ambiri kuno amalima malo osakwana hekitala imodzi. Pa munda wotere mizere isanu si yochepa. Imeneyo ndi nsima ya masiku angapo mu Febuluwale, mwezi womwe nkhokwe zambiri zimakhala zitatha.

Nanga chimanga chikakololedwa? Munda wopanda mbewu ungaonongeke bwanji?

Apa ndi pomwe ambiri amasokera. Kuno kummwera chimanga chikachoka mu Epulo kapena Meyi, munda umakhala usanamalize ntchito yake. Nandolo amatsala chilili, amachita maluwa nthawi yozizira, n'kudzathyoledwa cha mu Ogasiti mpaka Okutobala, ndipo kwa mabanja ambiri ndiye ndiwo komanso ndalama ya feteleza wa chaka chamawa. Chinangwa chimakhala chili pansi, mbatata chimodzimodzi. Alimi otsata ulimi wa mleranthaka amayala mapesi dala kuti aphimbire nthaka, koma wodutsa amayesa zinyalala. Ena anabzala vetiva m'mizere ya akalozera, ena timitengo ta gilisidiya ndi msangu tomwe sitinafike ndi m'bondo momwe. M'madimba a m'mbali mwa mtsinje wa Domasi ndi timitsinje tina totsika m'phiri muli ngalande zothirira, mapaipi, nazale za tomato ndi maiwe a nsomba.

Ngakhale m'munda mutakhala mulibiretu mbewu, tayala limaononga ndithu. Dothi lopondedwa mobwerezabwereza limagwirana, madzi salowa pansi, mizu imalephera kuzama. Choopsa kwambiri kuno n'chakuti malo ambiri ndi otsetsereka. Mlimi amaunga mizere mopingasa chitunda kuti madzi aziima, koma njinga yotsika molunjika imaboola mizere yonseyo pamalo amodzi, ndipo mvula ikagwa madzi onse amathamangira pomwepo. Chaka choyamba pamaoneka kangalande, pofika chaka chachitatu ndi chigwembe chomwe chikudya munda wa mwiniyo pamodzi ndi wa mnzake wakumunsi. Amene anaona mmene madzi a namondwe wa Freddy anakokololera nthaka mu Malichi 2023 akudziwa kuti madzi a m'phiri akapeza podzera sabwezeka.

Kodi vutoli ndi la kwathu kuno kokha?

Ayi. Ku Canada ndi kumpoto kwa United States, komwe nyengo yozizira minda imakwiririka ndi chipale chofewa kwa miyezi ingapo, alimi amalira ndi timagalimoto totsetsereka pa chipalecho totchedwa snowmobile. Tinafala kuyambira mu 1959, pamene Joseph-Armand Bombardier wa ku Quebec anayamba kugulitsa mtundu wake wotchedwa Ski-Doo. Ambiri amatikwera pongosangalala, ndipo wokwerayo akaona chigwa chonse chayera mbee amayesa kuti palibe munda. Komatu pansi pa chipalecho pamakhala tirigu wobzalidwa kuzizira kusanayambe ndiponso msipu wa ng'ombe. Chipale chikakhala chofewa chimafunditsa mbewuzo, koma chikapondedwa n'kulimba chisanu chimalowa mpaka kumizu, ndipo mlimi amadzaona zigamba zouma m'munda mwake patapita miyezi, woonongayo ataiwala kale.

M'chigawo cha Ontario ku Canada muli njira za timagalimototi zopitirira makilomita 30,000, ndipo mbali yaikulu imadutsa m'malo a anthu mwa chilolezo cha eni ake. Wokwera mmodzi akapatuka n'kulowa m'munda, mlimi amatha kubweza chilolezo chake, njira n'kutsekeka kwa onse. Chigawo china cha dzikolo, Saskatchewan, chinasintha lamulo lake lokhudza kulowa pamalo a wina kuyambira pa 1 Januwale 2022, kotero kuti tsopano wolowayo ndiye ayenera kuyamba wapempha, m'malo moti mlimi azivutika kukhoma zikwangwani. Ngakhale ku Scotland, komwe lamulo la 2003 linapatsa anthu ufulu woyenda m'malo a anzawo, ufuluwo sukhudza zoyendera za injini ndipo sulola kuponda pomwe pali mbewu. Nyengo za maikowa n'zosiyana ndi zathu, koma cholakwa n'chimodzi: kuganiza kuti pomwe diso silikuona mbewu palibe mwini.

Ena amati malo a kumudzi ndi a mfumu kapena a boma, choncho palibe angaletse mnzake kudutsa. Kodi n'zoona?

Si zoona. Mfumu ndi msungi wa dziko, imagawa ndi kuweruza, koma munda ukaperekedwa ku banja n'kulimidwa zaka ndi zaka, umakhala wa banjalo. Mfumu yomweyo siingalowemo n'kuthyola mondokwa isanapemphe.

Malamulo olembedwa akugwirizana ndi mwambowu. Gawo 28 la malamulo oyendetsera dziko lino a 1994 limateteza ufulu wokhala ndi katundu ndipo limaletsa kulanda munthu katundu wake mwachisawawa. Mu 2016 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa malamulo atsopano a malo, kuphatikizapo Land Act ndi Customary Land Act, omwe anaunikidwanso mu 2022. Malamulowa amapereka mwayi woti munthu kapena banja lilembetse munda wa makolo n'kulandira chikalata cha umwini. Kulembetsako kumadzera ku komiti ya malo ya m'dera la gulupu, yomwe wapampando wake ndi gulupuyo, ndipo mwa mamembala ake 6 osankhidwa, osachepera atatu ayenera kukhala amayi. Ntchitoyi ikuyenda pang'onopang'ono, moti minda yambiri sinalembetsedwe, koma kusowa kwa pepala sikusandutsa munda kukhala msewu. Pa mlandu wolowa pamalo a wina, khoti limayang'ana amene malowo ali m'manja mwake, amene akuwalima.

Pa Malosa palinso malo a mishoni ya Anglican, pomwe pali likulu la Dayosizi ya Upper Shire, chipatala cha St Luke's ndi sukulu ya sekondale ya Malosa. Amenewonso ali ndi owayang'anira, ndipo kukula kwa malo si chilolezo choti aliyense adulemo msewu wake.

Ndikafuna kupempha, ndipemphe kwa yani?

M'dera la mfumu yaikulu Malemia, monganso m'madera ambiri a Ayao, Anyanja ndi Alhomwe, ukwati wofala ndi wa chikamwini. Munda umatsata mbumba: mayi anaulandira kwa amayi ake ndipo adzausiyira ana ake aakazi. Bambo amene mwawapeza ndi khasu akhoza kukhala akamwini. Iwo angathe kukulolani kudutsa tsiku limenelo, koma nkhani yokhalitsa, monga kutsegula njira ya lole, amaigamula ndi mayi mwini munda pamodzi ndi mwinimbumba, amene nthawi zambiri amakhala mlongo wake kapena atsibweni ake. Madalaivala ambiri amaphonya pamenepa. Amapatsa kangachepe mnyamata wa pakhomo n'kumati tagwirizana, pomwe mwini wake weniweni sanamve n'komwe.

Palinso minda ya lendi. Pamenepo mbewu za chaka chimenecho ndi za wobwereka, dothi ndi la wobwereketsa, choncho onse awiri ayenera kumva. Mukasowa poyambira, pitani kwa nyakwawa, pakuti iwo amadziwa mwini wa ndime iliyonse m'mudzi mwawo.

Kodi kulowa m'munda wa mwini ndi mlandu wa kupolisi?

Zimatengera chomwe munthu wachita ndi cholinga chake. Gawo 314 la Penal Code limanena za munthu wolowa pamalo a wina n'cholinga chopalamula mlandu, kuopseza, kunyoza kapena kuvutitsa mwini wake, ndipo limakhudzanso wolowa bwinobwino koma n'kukakamira pomwepo ndi zolinga zomwezo. Gawo 344 ndi la kuononga katundu wa wina mwadala. Choncho mlendo wosokera, amene atauzidwa wapepesa n'kubwerera, si chigawenga. Koma munthu amene wachenjezedwa kangapo, wazula zikhomo kapena minga yomwe mlimi anatchingira, n'kupitiriza kupondereza mbewu, wadzipereka yekha m'manja mwa lamulo.

Kupatula milandu ya kupolisi, mlimi ali ndi ufulu wokasuma kukhoti la majisitireti kuti alipidwe pa zomwe zaonongeka. Izi zikukhudzanso eni mbuzi ndi ng'ombe amene amamasula ziweto nandolo akadali m'munda, komanso osaka mbewa amene amakumba mauna m'minda ya anzawo ndi kutentha mapesi. Moto wa osaka mbewa ukalusa n'kupsereza mbewu, kapena kukwera phiri, mlandu wake umakhala wolemera kwambiri.

Ndiye kuti mwini munda akhoza kutseka njira iliyonse yodutsa pamalo pake?

Ayinso, ufulu wa mwini munda uli ndi polekezera. M'mudzi uliwonse muli njira zomwe zinalipo minda ina isanagawidwe: yopita kumjigo, kuchigayo, kusukulu, kumzikiti, kutchalitchi ndi kumanda. Mwambo sulola munthu kungodzuka n'kuunga mizere panjira yotere, ndipo mafumu amaweruza motero. Malamulo a malo olembetsedwa nawonso amazindikira ufulu wodutsa pamalo a wina ngati unakhazikika moyenera. Wogula malo n'kumanga mpanda wa njerwa wotsekera mudzi wonse njira ya kumadzi walakwira anthu monga mmene wa njinga walakwira mlimi. Chimodzimodzi olima mpaka m'mphepete mwenimweni mwa msewu wa M3 wochoka ku Zomba kupita ku Liwonde, poti malo a m'mbali mwa msewu ndi a msewuwo.

Komabe njira ya miyendo ndi ya miyendo. Chilolezo chomwe agogo anapereka kuti anthu azidutsa ndi ndowa pamutu sichinali cha lole yodzaza mchenga. Njira ikafunika kukulitsidwa, mudzi ukhale pansi, amene ataye mizere yake amve ndi kuvomera, ndipo apepesedwe ndi kanthu kooneka.

A kabaza amati misewu ya kumidzi ndi yoipa ndipo makasitomala amafuna kutsitsidwa pakhomo. Kodi alibe mfundo?

Ali nayo. Kabaza wapulumutsa miyoyo, ndipo amayi oyembekezera ambiri afika kuchipatala panjinga yamoto pakati pa usiku, nthawi yomwe galimoto sikanapezeka. Achinyamata ambiri akudyetsa mabanja ndi ntchitoyi, ena panjinga ya bwana yofunika kuiperekera ndalama tsiku ndi tsiku, mafuta ali okwera mtengo. M'dzinja mlatho wa mitengo ukakokoloka, kapena msewu ukasanduka chithaphwi, kulambalala kudzera m'munda kumaoneka ngati nzeru.

Palibe mlimi wamtima wabwino angakwiyire njinga yonyamula wodwala mwakayakaya. Povuta ndi pomwe zochitika pangozi zasanduka chizolowezi cha tsiku ndi tsiku. Mafuta omwe wa kabaza wapulumutsa podula njira amawalipira ndi mlimi, amene sanakwere nawo njingayo. Wokwera nayenso ali ndi mbali yake, chifukwa akhoza kunena kuti, "Achimwene, nditsitseni pompano, kotsalaku ndiyenda pansi." Masiteji a kabaza ali ndi matcheyamani ndi malamulo awo, ndipo lamulo loletsa kudutsa m'minda likhoza kulowa momwemo. Mnyamata wa pasiteji amamvera anzake msanga kuposa mmene angamverere mlimi wokalipa. Kumene msewu waonongeka, a kabaza ndi alimi ali ndi dandaulo limodzi lomwe angapite nalo limodzi ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi ndi kwa khansala.

Nanga alendo okwera phiri, ndi nkhalango yomwe? Kumeneko si kwa aliyense?

Phiri la Zomba, lomwe nsonga yake imapitirira mamita 2,000, lakhala likukopa alendo kuyambira nthawi yomwe Zomba anali likulu la dziko, likululo lisanasamukire ku Lilongwe mu 1975. Anthu amabwera kudzaona Chingwe's Hole, mathithi a Williams, damu la Mulunguzi ndi Emperor's View, malo okumbukira ulendo wa Haile Selassie wa ku Ethiopia. Ena amayenda pansi, ena panjinga zokwerera mapiri, ena pagalimoto zamphamvu. Alendowa ndi dalitso kwa operekeza alendo ndiponso ogulitsa sitiroberi, mbatatesi ndi ziboliboli. Koma njira zambiri zokwerera phiri, makamaka mbali ya Malosa ndi chigwa cha Domasi chomwe chimalekanitsa mapiri awiriwa, zimayambira m'midzi. Mlendo sadziwa mwambo wa kuno, choncho womuperekeza ndiye amuuze kuti asaponde mbewu, asathyole zipatso, asajambule anthu pakhomo pawo asanapemphe, ndipo asayandikire manda kapena ndagala nthawi ya jando.

Nkhalango ya Zomba-Malosa ndi yotetezedwa ndipo ili m'manja mwa Dipatimenti ya Zankhalango. Lamulo la nkhalango la 1997, lomwe zilango zake zinakhwimitsidwa mu 2020, limaletsa kudula mitengo, kulima, kudyetsa ziweto ndi kuyatsa moto m'menemo popanda chilolezo. Apa ulemu uyenera kuchokera mbali zonse. Mlimi wodandaula za tayala m'munda mwake asakhale yemweyo wokatsegula munda m'nkhalango, pakuti madzi a Mulunguzi omwe mzinda wa Zomba umamwa, ndi a Domasi omwe amathirira mpunga kumunsi, amasungidwa ndi mitengo imeneyo.

N'chifukwa chiyani anthu amapsa mtima chotere pa mizere yowerengeka chabe?

Chifukwa kuno nkhani ya malo inayamba kale kuwawa. Kuyambira mu 1892 Harry Johnston, mkulu wa boma la atsamunda, anapatsa azungu zikalata za umwini wa malo akuluakulu m'mapiri a Shire, ndipo anthu anapezeka ali alendo pa nthaka yomwe anabadwirapo, akulipira lendi ndi thukuta lawo mu thangata. Esiteti ya A. L. Bruce ku Magomero, kufupi ndi malire a Zomba ndi Chiradzulu, ndi amodzi mwa malo omwe nkhanza zake zinabutsa kuukira kwa John Chilembwe mu Januwale 1915. Mu 1946 Sir Sidney Abrahams, atafufuza nkhani za malo, analangiza boma la atsamunda kuti ligule malo a maesiteti omwe sankalimidwa n'kukhazikapo anthu, ndipo thangata anadzatha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960. Minda ina yomwe ikulimidwa lero m'boma la Zomba inabwerera m'manja mwa anthu kudzera m'njira yowawa imeneyo.

Ena amatenga mbiriyi ngati chifukwa chonyozera malire alionse. Komatu makolo athu sankalirira kuti malo akhale opanda mwini. Ankalirira kuti wolima alemekezedwe pa munda wake. Munthu wodutsa ndi lole m'munda wa mayi wamasiye, podziwa kuti mayiyo sangamuchite kanthu, akubwereza khalidwe lomwelo la wamphamvu kupondereza wofooka.

Mlimi akapeza kuti munda wake wapondedwa achite chiyani?

Choyamba asafafanize umboni. Aitane mboni, ajambule ndi foni, ndipo ngati nambala ya galimoto yaoneka ailembe. Mlangizi wa zaulimi wa m'deralo akhoza kuthandiza kuwerengera mbewu zomwe zaonongeka, kuti polipiritsa pasakhale kungotchula mtengo wa m'mutu. Kenako ayankhule ndi wolakwayo, kapena tcheyamani wa siteji, kapena mwini lole. Zikakanika, nkhani ipite kwa nyakwawa, ndipo ikapitirira ifike kwa gulupu ndi kwa mfumu yaikulu. Mkangano ukakhala wa malire kapena umwini, lamulo la 2016 linakonza mabwalo a milandu ya malo kuyambira kwa mfumu yaikulu, kufika paboma, mpaka bwalo la dziko lonse. Pakakhala kuopsezana kapena kuononga mwadala, imeneyo ndi nkhani ya apolisi, ndipo wosowa ndalama ya loya akhoza kupita ku Legal Aid Bureau, yomwe ili ndi ofesi mu Zomba.

Zomwe asayerekeze ndi izi: kutchera waya kapena chingwe panjira, kukwirira misomali, kukumba dzenje lobisika, kulanda njinga kapena kumenya munthu. Waya wa pakhosi amapha, ndipo wokodwayo akhoza kukhala mwana kapena wonyamula wodwala. Mlimi wotero amachoka pokhala wodandaula n'kusanduka woyankha mlandu waukulu. Chotchinga chabwino ndi chooneka patali, monga mpanda wa khonje, nkhadze kapena vetiva.

Nanga wofuna kudutsa achite chiyani kuti asalakwire munthu?

Aime, azimitse injini, atsike, apereke moni. Mawu ake ndi omwe tonse tinaphunzira tili ana: "Zikomo mayi, ndimati ndidutse nawo, kodi ndidzere pati?" Kawirikawiri yankho limakhala labwino: "Dzerani m'malire umo bambo, kumunsiko kuli nandolo." Mwini munda amadziwa pouma ndi pa lowe, ndipo amakulozerani njira yabwino kuposa yomwe mukanasankha nokha. Akulu anati safunsa anadya phula. Akakana, kukanako kulemekezedwe popanda kumuumiriza kupereka zifukwa.

Wa lole agwirizane ndi eni malo ntchito isanayambe, pamaso pa mfumu, za podutsa, nyengo yake ndi chipepeso, ndipo akamaliza aungenso mizere ndi kukwirira makwawa omwe matayala asiya. Chilolezo cha m'chilimwe si cha m'dzinja, ndipo chopatsidwa kwa munthu mmodzi si cha gulu lonse. Mukaononga mwangozi musathawe, pitani nokha mukanene, pakuti mlandu wa wodziulula umatha ndi mtendere kusiyana ndi wa wogwidwa. Ndipo mukasowa womupempha, zungulirani. Nthawi yomwe mutaye panjira yaitali mudzaibweza tsiku lomwelo, koma mbewu zomwe mungaponde banjalo lidzazidikira chaka chathunthu.